Kusankha Mankhwala Othira mu Dizilo wa Pikapu Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu

Mwezi wa June ukafika, pikapu yogona panja ku Bembeke kapena ku Tsangano imadzuka ili mame okhaokha. Mbatatesi mwapakira kale, mukufuna kukafika ku Lilongwe msika usanadzaze, koma mukapotokola kiyi injini imangokoka, kukokabe, kenako n'kulira monyinyirika, utsi woyera uli tolotolo kumbuyo. Nyengo imeneyi ndi yomwe timabotolo ta mankhwala othira mu dizilo timayenda malonda. Ena mwa mankhwalawa ndi abwino ndithu, amateteza pampu ya dizilo ndi mainjekita ofayira dizilo mu injini, zipangizo zomwe zikafa zimadya phindu la maulendo ambirimbiri. Ena alibe chochita ndi vuto lomwe mwawagulira. Ena ochepa amawononga kumene. Pafupifupi botolo lililonse limalonjeza mphamvu, kuchepetsa utsi ndi kusunga mafuta, choncho malemba akuluakulu a kutsogolo kwa botolo sangakusankhireni. Chosankhira ndi injini yanu, dizilo yemwe mumamwetsa, ndi vuto lenileni la galimotoyo.

Tsegulani boneti kaye

Mapikapu a dizilo ali m'magulu awiri. Loyamba ndi la injini zakale za pampu yamakina, monga 3L ndi 5L za Hilux, TD27 ndi QD32 za Nissan, 4JA1 ndi 4JB1 za Isuzu KB. Mukasuzumira mumaona mapaipi anayi achitsulo akuchoka pa pampu, iliyonse ikupita ku nozo yake. Lachiwiri ndi la common rail: Hilux ya D-4D ndi ya GD-6, D-Max ya 4JK1 kapena 4JJ1, Ranger ya 2.2 ndi 3.2, Navara ndi zina. M'zimenezi mapaipi amachoka pa chitsulo chimodzi chachitali chogona m'mbali mwa injini, ndipo injekita iliyonse ili ndi waya wake wamagetsi.

Kusiyanaku si kwa maonekedwe chabe. Tayala la pikapu mumapopa ma bar awiri kapena atatu, koma mu common rail dizilo amakankhidwa pa ma bar 1,600 kapena kuposerapo. Tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi ma micron 70, pomwe mipata ya mkati mwa injekita sikwana ma micron asanu. Kadontho ka madzi kapena kafumbi komwe 5L imameza n'kupitirira ulendo, mu D-4D kamakanda zitsulo mpaka injekita kuyamba kudontha. Komabe injini zakale nazo zili ndi pofooka pake: pampu yake yozungulira siilandira oilo wa injini, imafewetsedwa ndi dizilo yemweyo amene ikupopa. Dizilo akakhala wouma, wosaterera, pampu imadyeka.

Ngati galimoto yanu inachokera ku UK kapena ku Japan ndipo ili ndi DPF, sefa yogwira mwaye ya pa ekizozi, gulani mankhwala okhawo omwe alembedwa kuti ndi oyenera DPF kapena kuti ashless, kutanthauza osasiya phulusa. Mankhwala osiya phulusa amatseka sefayo, ndipo phulusa silipsa monga umapsera mwaye. Ngati ili ndi kathanki ka AdBlue, ka chivundikiro cha buluu, dziwani kuti AdBlue si mankhwala a dizilo. Ndi madzi osakaniza ndi yureya, ndipo akalowa m'thanki ya mafuta amawononga pampu, mapaipi ndi mainjekita onse. Onaninso buku la galimoto: opanga ena amaletsa kuthira chilichonse m'mafuta, makamaka galimoto ikadali pa waranti.

Onani dizilo ndi maso musanagule kanthu

Pezani botolo lagalasi loyera, louma bwino mkati. Pansi pa fyuluta ya mafuta pali kapulagi kapulasitiki kokhetsera madzi, nthawi zambiri kokhala ndi mawaya awiri a sensa. Ikani botolo pansi pake, masulani kapulagi mizungulire iwiri kapena iwiri ndi theka, osakachotseratu, kenako dinani kapampu kadzanja ka pamwamba pa fyuluta kangapo mpaka mutapeza ngati theka la kapu. Mangani ndi dzanja, osati ndi pulayara, chifukwa mazinga ake ndi apulasitiki ndipo sachedwa kuthyoka. Popaninso mpaka kapampu katalimba. Botololo liyikeni pamthunzi kwa theka la ola.

Dizilo wabwino amaonekera kuseri, mukhoza kuwerenga malemba a nyuzipepala kudzera m'botolo. Mukaona mibulu yoyera ikugudubuzika pansi ngati mikanda, amenewo ndi madzi. Akakhala mbuu ngati madzi otsukira mpunga, madzi asakanikirana ndi mafuta. Nsenga zofiirira ndi dzimbiri la m'thanki kapena la mumgolo. Zakuda zonanda, zotamuka mukazigwira ndi kamtengo, nthawi zina zonunkha ngati dzira loola, ndi tizilombo tomera m'mafuta. Chilichonse mwa izi chili ndi mankhwala ake, ndipo china chilibe mankhwala konse kupatula kukhetsa.

Kuno kwathu vuto lalikulu ndi madzi. Masana kukatentha thanki imapuma, usiku kukazizira imakoka mpweya wachinyezi, ndipo m'mawa wa nkhungu chinyezicho chimasanduka madontho m'makoma a thanki, monga zimachitira pansi pa malata. Thanki yokhalira kotala masiku onse imatola madzi ambiri kuposa yodzaza. Onjezanipo ulendo wa mafutawo: amachokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, kudutsa m'mathanki angapo asanafike kwa inu. Mafuta akasowa, ambiri amathamangira a m'zigubu, omwe sadziwika kuti agona nthawi yaitali bwanji, m'chigubu chomwe kale munali chiyani, ndiponso ngati sanawonjezeremo parafini. Kugulitsa mafuta popanda chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, n'kosaloledwa, ndipo pampu ikafa ndi mafuta otere mulibe kokadandaula.

Mankhwala a madzi: apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa

Pali mitundu iwiri yochita zinthu zotsutsana. Wina amalemba kuti demulsifier. Umalekanitsa madzi ndi dizilo kuti madziwo atsike pansi, fyuluta iwagwire, inu muwakhetse. Wina ndi emulsifier, kapena amangolemba kuti water remover, ndipo nthawi zambiri mumakhala alcohol. Umenewu umaswa madzi kukhala timadontho tosaoneka, n'kuwabisa m'mafuta kuti adutse pa fyuluta akapse mu injini. Pomva zimakoma, koma taganizani komwe madziwo akudutsa: mu pampu ndi m'mainjekita, malo omwe fyuluta inaikidwira kuti madzi asafikeko. Madzi safewetsa zitsulo, amachititsa dzimbiri galimoto ikaima masiku angapo, ndipo alcohol naye amachepetsa kuterera kwa dizilo ndi kuumitsa timphira. Pa common rail sankhani demulsifier, yolembedwa kuti mulibe alcohol. Mukawerenga kumbuyo n'kupeza mawu akuti methanol, ethanol kapena isopropanol, libwezeni pa shelefu.

Ngati botolo silikunena bwino, liyeseni nokha. Thirani dizilo wofanana m'mabotolo awiri agalasi, lililonse muikemo sipuni yaing'ono ya madzi. M'botolo limodzi dontheziranimo mankhwalawo pang'ono. Khutchumulani onse awiri mofanana, muwaike pamodzi. Ngati la mankhwala layera msanga, madzi ali pansi paokha, ndi olekanitsa. Ngati lakhalabe mbuu pomwe linzake layera kale, kapena madzi asowa osaonekanso, ndi obisa madzi. Ndipo dziwani kuti demulsifier sachotsa madzi m'galimoto, amangowasonkhanitsa. Wochotsa ndinu. M'nyengo yamvula ndi yachisanu khetsani fyuluta sabata iliyonse, musadikire kuti nyali ya pa dashibodi iyake, chifukwa pa magalimoto ambiri akale sensa yake inafa kalekale.

Otsuka mainjekita ndi oteretsa dizilo

Pa mwini pikapu wamba, awa ndi omwe ndalama yake imaoneka. Kunsonga kwa injekita kuli timabowo tochepetsetsa tomwe timafayira dizilo ngati nkhungu. Mwaye ukaunjikana pamenepo mafuta amatuluka mokhota kapena modontha, sapsa bwino, galimoto imanjenjemera ikaima, imamwa kwambiri ndipo utsi umada. Common rail imadwalanso mkati mwenimweni mwa injekita, momwe zomata zimagwira kasingano kuti kazichedwa kutseguka. Botolo labwino la injector cleaner limanena ngati limatsuka kunsonga kokha kapena ndi mkati momwe. Pali a mphamvu othira kamodzi pakapita makilomita masauzande angapo, ndi ena ofatsa othira pafupipafupi kuti mwaye usayambe n'komwe. Galimoto yongozungulira pa boma, yoliza injini nthawi yaitali itaima podikira katundu pa Lizulu, imafuna kutsukidwa kawirikawiri kuposa yothamanga pa M1 tsiku ndi tsiku.

Palinso ena, monga Diesel Purge ya Liqui Moly, omwe makaniko amamwetsa injini mwachindunji: amachotsa paipi yobweretsa mafuta ndi yobweza, n'kuziika m'chitini, injini n'kumalira ndi mankhwala okhaokha. Njirayi imatsuka mwamphamvu, koma pa common rail paikidwe kafyuluta pakati ndipo manja ndi mapaipi zikhale zoyera, apo ayi mulowetsa fumbi lomwe liwononge kuposa mwaye.

Za kuterera nkhani yake ndi iyi. Dizilo wa masiku ano amamuchotsa sulufule wambiri kuti utsi usaipitse mpweya, ndipo pochotsapo zimachokanso zinthu zachilengedwe zomwe zinkateretsa mafuta. Oyenga mafuta amabwezeramo mankhwala oteretsa, motero dizilo wa pa malo ovomerezeka amayenera kukhala wokwanira kale. Vuto limadza akasakanizidwa ndi parafini, yemwe ndi wouma komanso wopyapyala. Kuterera amakuyeza ndi makina otchedwa HFRR: kampira kachitsulo kamakhula pa chitsulo chinzake m'kati mwa dizilo, kenako amayeza chipsera. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 590 umafuna chipsera chisapose ma micron 460. Nambala ikachepa ndiye kuti chitetezo chachuluka. Kampani yomwe yalemba zotsatira za HFRR pabotolo kapena pa pepala lake ndi yodalirika kuposa yongolemba kuti imateteza pampu. Ngati mwakakamizika kumwetsa mafuta okayikitsa muli kutali, oteretsa ndiwo oyamba kuthira, ngakhale sangabwezeretse kukhuthala kwa dizilo wochuluka parafini. Ameneyo ndi wofunika kumusungunula ndi dizilo wabwino msangamsanga, kapena kumukhetsa.

Kuzizira kwa m'mawa

Cetane ndi nambala yosonyeza kufulumira kwa dizilo kuyaka akangofayidwa. EN 590 imafuna 51, muyezo wa ku South Africa wa SANS 342 umafuna 45. Mankhwala okweza nambalayi, omwe ambiri amapangidwa ndi 2-ethylhexyl nitrate, amawonjezera pang'ono chabe, koma pang'ono pomwepo pamathandiza kuti injini yozizira ilire msanga, isagogode kwambiri, ndipo utsi woyera wa m'mawa uchepe. Sawonjezera mphamvu ya mafuta. Kwa okhala kumtunda kuno, m'miyezi ya June ndi July, ndi othandiza ndithu ngati zina zonse zili bwino.

Anti-gel ndi nkhani ina. M'dizilo muli phula lomwe kukazizira kwambiri limaundana n'kutseka fyuluta, ndipo mankhwalawa anapangidwira mayiko a chipale chofewa. Usiku wa ku Dedza umatsika pansi pa madigiri 10, m'madambo nthawi zina chisanu n'kuwauladi mbewu, koma kawirikawiri sikufika poumitsa dizilo. Musanagule, siyani botolo la dizilo wanu pamwamba pa boneti usiku wonse, mukalione mbandakucha. Likakhala loyera, phula si vuto lanu. Likachita mbuu, yambani mwathana ndi madzi, chifukwa nawonso amachita chimodzimodzi kukazizira. Ndipo anti-gel amathiridwa mafuta akadali ofunda, sasungunula phula lomwe laundana kale.

Magalimoto ambiri ovuta kulira m'mawa amadwala zina. Yezani mahita pulagi, omwe amatenthetsa mkati mwa injini isanalire, ndi mita yamagetsi: yamoyo imaonetsa pafupifupi ohm imodzi, yakufa siionetsa kulumikizana konse, ndipo imodzi yokha ikafa injini imalira ikutsimphina ndi utsi woyera. Batire yodzaza imaonetsa ma volt 12.6 galimoto itapuma, ndipo poliza isatsike kwambiri pansi pa 10. Yesaninso izi: musanapotokole kiyi, dinani kapampu kadzanja mpaka kalimbe. Ikalira msanga tsiku limenelo, ndiye kuti mpweya ukulowa penapake ndipo mafuta akubwerera m'thanki usiku. Funani paipi yong'aluka kapena mphira wa pa fyuluta. Botolo silitseka bowo.

Chimodzimodzinso utsi wakuda pokwera Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo pa magawo 100 a mpweya wa m'mbali mwa nyanja yamchere, kuno mumatsala pafupifupi 85. Injini yopanda tebo, monga 5L kapena TD27, imapereka mafuta omwewo koma mpweya wochepa, ndiye imafooka n'kumafuka. Tsitsani giya, musapondereze. Onani fyuluta ya mpweya, yomwe m'misewu yafumbi ya ku Tsangano siichedwa kutsekeka. Pa za tebo onani mapaipi a intercooler, yoziziritsa mpweya wochokera ku tebo, ndi valavu ya EGR, yobwezera utsi wina mu injini. Hilux ya D-4D, D-Max kapena Navara ikamazima pa mphambano kapena kutaya mphamvu mwadzidzidzi, makaniko ayezenso kavalavu ka SCV, kowongolera mafuta olowa mu pampu, komwe kamakonda kudyeka. Utsi wa buluu ndi oilo, mankhwala a dizilo sakhudzako.

Tizilombo ta m'thanki ndi mafuta osunga

Tizilomboti timakhala pamalire pa madzi ndi dizilo, timadya mafuta, n'kumatulutsa ndere zakuda ndi asidi wodya thanki. Chizindikiro chake ndi fyuluta yotsekeka mobwerezabwereza ikadali yatsopano. Apa pamafunika biocide weniweni, mankhwala ophera tizilombo, osati otsuka wamba. Khetsani madzi poyamba, thirani muyezo waukulu womwe alemba wophera, dzazani thanki kuti mankhwala afike m'makoma onse, ndipo muisiye maola omwe botolo lanena. Biocide amapha koma sasungunula, choncho zakufazo zimathamangira ku fyuluta. Yendani ndi mafyuluta awiri apadera sabata imeneyo. Ndere zikachuluka, tsitsani thanki muitsuke. Mankhwalawa ndi poizoni: valani magolovesi, asakhudze maso, asungidwe kutali ndi ana ndi zakudya.

Osunga dizilo mumgolo wa chigayo, thirakitala kapena pampu yothirira, mgolo ukhale pamthunzi, wotsekedwa, wopendekeka kuti madzi amvula asadikhe pa chivundikiro. Usakhale wa chitsulo chokutidwa ndi zinc monga cha ndowa ndi malata, chifukwa zinc amasungunukira m'mafuta n'kukamata m'mainjekita. Mgolo ukangofika usiyeni tsiku lathunthu nsenga zikhazikike, ndipo paipi yopopera isagunde pansi. Stabilizer, woteteza dizilo kuti asawonongeke akakhalitsa, ndi wofunika ngati mafuta akhala kupitirira miyezi 6. Ngati amatha mwezi uliwonse, sungani ndalama yanu.

Muyezo ndi kathiridwe

Werengani kumbuyo. Akalemba 1:1000, ndi mililita imodzi pa lita iliyonse, kutanthauza mamililita 80 pa thanki ya malita 80 monga ya Hilux zambiri zatsopano, kapena 20 pa chigubu cha malita 20. Akalemba 1:500, ndi 160 pa thanki yomweyo, 400 pa mgolo wa malita 200. Super Diesel Additive ya Liqui Moly, mwachitsanzo, kachitini ka mamililita 250 ndi ka malita 75. Mabotolo a ku America amalemba magaloni ndi ma ounce: galoni yawo ndi malita 3.8, ya ku UK ndi 4.5, ndipo ounce imodzi ndi pafupifupi mamililita 30. Werengerani malita omwe mukumwetsa tsiku limenelo pamodzi ndi otsala m'thanki. Kukhuthulira chitini cha malita 75 m'thanki momwe muli malita 15 okha ndi kuwirikiza muyezo kasanu. Yezerani ndi sirinji yaikulu yatsopano, osati ndi maso.

Thirani mankhwala poyamba, dizilo pambuyo, kuti mphamvu ya pampu ya pa siteshoni isakanize. Pukutani pakamwa pa thanki musanatsegule. Musaphatikize mabotolo a makampani osiyana m'thanki imodzi, chifukwa wina akhoza kukhala wolekanitsa madzi, wina wobisa. Kuwonjeza muyezo sikufulumizitsa kuchira, kumangomasula zinyalala zambiri nthawi imodzi kapena kusiya zomata zatsopano. Poyerekeza mitengo, gawani mtengo wa botolo ndi malita omwe likwanire, popeza kabotolo kodula ka 1:1000 nthawi zambiri kamatsika mtengo pa lita kuposa chibotolo chotchipa chothira kamodzi. Onani chidindo cha pa chivundikiro, nambala ya batch, tsiku lopangidwa ndi adiresi ya kampani. Lopanda muyezo wolembedwa, kapena lothiridwa m'botolo lina, lisiyeni ngakhale wogulitsa alumbire.

Pali zina zomwe madalaivala amalangizana pa siteji zomwe tikukupemphani kuti musathire. Petulo amatsitsa cetane ndi kuumitsa pampu, ndipo mukamuthira molakwitsa musapotokole kiyi n'komwe, khetsani thanki. Parafini tanena kale. Oilo wakutha wa injini ali ndi tizitsulo ndi mwaye. ATF, oilo wa giyabokosi ya otomatiki, ndi buleki fuludi sizinapangidwe kuti zipse mu injini. Oilo wa two-stroke ena amamuthira mu injini zakale, koma pa common rail ndi pa DPF palibe chifukwa choikira mainjekita pachiswe pomwe oteretsa oyesedwa alipo.

Kudziwa ngati agwira ntchito

Dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, lembani makilomita, yendani monga mwa masiku onse, dzazaninso, mugawe makilomita ndi malita. Chitani zimenezi pa mathanki atatu musanathire mankhwala ndi atatu mutathira, pa msewu womwewo ndi katundu wofanana, mwachitsanzo ulendo wa Dedza ndi Lilongwe wa makilomita pafupifupi 85. Otsuka amabweza zomwe mwaye unalanda, sapangitsa galimoto kumwa pang'ono kuposa momwe inkamwera ili yatsopano. Ngati patatha mathanki awiri kunjenjemera ndi utsi zikadalipo, lekani kugula mabotolo, pitani kwa makaniko wa makina a diagnostic akawerenge momwe injekita iliyonse ikuperekera mafuta ndi kuyeza mafuta obwerera.

Mukamasintha fyuluta mutatsuka, yakaleyo musaitaye msanga. Khuthulirani mafuta ake m'mbale yoyera, dulani chitini, tambasulani pepala la mkati padzuwa. Zakuda ndi zofiirira ndi zinyalala zomwe zagwidwa, zimenezo n'zoyembekezeka. Koma mukaona tizitsulo tonyezimira ngati mchenga wa kumtsinje, pititsanipo maginito. Tikamamatira, pampu yayamba kudzidya ndipo tizidutswa take tikuzungulira mpaka m'thanki kudzera m'paipi yobweza. Musailizenso galimotoyo. Ikokedwe kupita ku galaja, ndipo pokonza atsuke thanki, mapaipi ndi rail yomwe, apo ayi pampu yatsopano idzadyekanso ndi zotsalira za yakale.